"Kupatsa n'kuika": kodi kuika kwake n'kosunga kapena n'kokwirira?

Wa ku Ntcheu, ali ku Tsukuba

Akuluakulu, ndabwera ndi funso, ndipo ndikudalira makamaka inu amene munakulira pamiyendo ya agogo. Mwambi uja wakuti "kupatsa n'kuika" ndakhala ndikuumva kuyambira ndili wamng'ono, moti ndinkadziona ngati ndimaudziwa bwino. Sabata ino wandizungulitsa mutu. Kodi kuika kumene akunena pamenepa ndi kuja timaika chimanga m'nkhokwe kuti tidzadye m'tsogolo? Kapena ndi kuja kwa kumanda, kuti chimene wapatsa munthu wachikwirira ndipo usachiyembekezerenso? Ine ndinakula ndikudziwa koyambako. Msuweni wanga wa ku Lilongwe akulimbikira kuti ndi kwachiwiriku.

Chimene chautsa funsoli ndi ichi. Ndili kuno ku Japan chaka chachiwiri, ndikuphunzira za ulimi wa mpunga. Mu Novembala mnzanga amene timagwira naye ntchito ku labotale anataya bambo ake. Mnzangayu ndi uja anandiperekeza kubanki ndi kuofesi ya mzinda nditangofika, pamene sindinkatha kuwerenga ngakhale chikwangwani cha basi. Ndinati sindingakhale pansi. Anzathu anandilangiza za chipepeso cha kuno, chimene amachitcha koden. Ndalama suipereka pamanja. Umaiika mu envulopu yapadera yokhala ndi timikuzi takuda ndi toyera, dzina lako umalilemba ndi inki yotuwa ngati yasungunuka ndi misozi, ndipo suikamo ndalama zatsopano zonyezimira, chifukwa zimaoneka ngati unakonzekereratu imfayo. Ndinatsatira zonsezo. Ndinaikamo mayeni 10,000, ndalama imene kwa mwana wasukulu ngati ine si yochepa, ndinakapereka usiku wochezera maliro umene amati tsuya.

Mu Januwale kunafika bokosi pakhomo panga. M'kati munali tiyi wobiriwira, mathawulo awiri ndi kalata yothokoza yochokera kwa amayi ake a mnzangayo. Nditayang'ana pa intaneti ndinapeza kuti katunduyo mtengo wake ndi pafupifupi theka la ndalama imene ndinapereka.

Abale, mtima unandipweteka. Kwathu munthu akakubwezera chipepeso ndiye kuti pali nkhani, mwina akukuganizira zoipa pa imfayo. Usiku umenewo sindinagone bwino. Ndinadzifunsa ngati anandiona wosauka n'kundimvera chisoni, kapena ngati akundiuza kuti mlendo asalowe m'maliro a eni. Msuweni wanga nditamufotokozera ndi pamene anati, "Mwaonatu, ifeyo timati kupatsa n'kuika, tikapereka takwirira basi, koma anzanuwo amawerengera." Ndiye ndithandizeni. Mwambiwu ukutanthauza chiyani kwenikweni?

Mphunzitsi wopuma, Dedza

Mwana wanga, choyamba pepani ndi maliro a mnzanuyo, ndipo munachita bwino kupita. Msuweni wanuyo mtima wake ndi wabwino, koma pa mwambiwu waphonya.

Kuika kwa pamwambiwu ndi kusunga. Umboni wake ndi wakuti madera ena amaunena kuti "kupatsa n'kuikiza". Mawu akuti kuikiza achinyamata ambiri saagwiritsanso ntchito, n'chifukwa chake mwambi wayamba kuwasokoneza. Kuikiza ndi kusiya chinthu chako m'manja mwa munthu wina kuti akusungire. Kale munthu ankaikiza mbuzi kwa mlamu wake wa kumudzi wina. Chitopa kapena matenda a ziweto akagwa kwanu, zija unaikiza kutali zimapulumuka. Mbuzi ikaswa kumeneko, wosungayo naye umamupatsako kamwana. Amayi ankaikiza nkhuku, ankaikiza mbewu ya mtedza, ngakhale mwana ankaikizidwa kwa azakhali ake kuti aphunzire sukulu ya pafupi.

Tsono akuluakulu poona zimenezi anati, ngakhale chija wapereka chaulere, osati choikiza, nachonso chili ngati waikiza. Nkhokwe ya pakhomo imapsa, anankafumbwe amaidya, akuba amaiboola. Chimene waika m'mimba mwa mnansi wako palibe chimene chingachiwononge.

Ndikupatseni chimene ndinaona ndi maso anga. Njala ya 2002 itafika povuta, malemu mayi a kunyumba kwanga anapatsa mayi wina wamasiye ndowa ya chimanga, ife tomwe tilibe chokwanira. Ndinawadandaulira. Iwo anangoti, "Bambo, ndaika." Mayi wamasiyeyo sanabweze kanthu mpaka anamwalira. Patapita zaka 14, mayi a kunyumbawo atadwala usiku wa mvula, amene anabwera ndi galimoto kudzatinyamula kupita kuchipatala, osalandira ngakhale ya mafuta, anali mwana wa mayi uja. Ine nkhani ya ndowa ija ndinali nditaiiwala. Iye sanaiiwale, chifukwa nsima yake anadya nawo ali mnyamata.

Muone bwino apa: choikacho chimabwera, koma tsiku lake suulidziwa, ndipo kawirikawiri chimabwera m'manja mwa munthu wina, chitasanduka chinthu china.

Mtsikana wa ku Ndirande

Agogo, ndamva, koma inenso ndinkadziwa ngati msuweniyo. Kutchalitchi timaphunzitsidwa kuti ukapereka usayembekezere kubwezeredwa. Ngati kupatsa kuli kusunga, sizikukhala ngati katapira wobisika kodi? Ndikufunsa ndi mtima wofuna kudziwa.

Mphunzitsi wopuma, Dedza

Ayi mdzukulu wanga. Wakatapira amadziwa dzina la womukongola, tsiku lobweza ndi chiwongoladzanja chake, ndipo tsikulo likakwana amakagogoda pakhomo. Woika sagogoda. Akangopita kukanena kuti "paja ndinakupatsani", waononga zonse, chifukwa paja amati patsepatse n'kulanda, mwana wa mfulu apatsa yekha. Mwambiwu ankauza mwana woumira amene akubisa chinangwa kumbuyo anzake akubwera. Ankamutsimikizira kuti akagawira anzake sataya kanthu.

Mayi wa ana awiri, Nagoya

Achimwene a ku Tsukuba, pukutani misozi, simunanyozedwe. Ine ndinakwatiwa kuno ku Japan zaka 16 zapitazo, ndipo apongozi anga aamuna atamwalira ndine ndinakhala pansi ndi apongozi aakazi kulemba mndandanda wa mabokosi ngati limene mwalandiralo. Dzina lake ndi kodengaeshi. Aliyense amene anapereka chipepeso amalandira, kaya ndi bwana wa kampani kaya ndi mlendo wochokera ku Ntcheu. Akanakusiyani inu nokha osakutumizirani, pamenepo ndiye mukanadandaula.

Taonani nthawi imene linafika. Mwati maliro anali mu Novembala, bokosi mu Januwale. M'chipembedzo cha Chibuda cha kuno amakhulupirira kuti mzimu wa womwalira umakhala paulendo masiku 49. Tsiku la 49 amachita mwambo wa mapemphero, nthawi yolira kwambiri imatha, ndipo mabanja ambiri ndi pamene amakaika mafupa kumanda, poti kuno pafupifupi aliyense amawotchedwa. Bokosilo ndi uthenga wakuti, "Mwambo tautsiriza bwino, tadzuka, zikomo potigwira mkono." Likufananako ndi kumeta kwa kwathu, pamene anamfedwa amamasulidwa. Masiku ano mabanja ena amaperekeratu pa tsiku la maliro lomwelo kuti achepetse ntchito, koma limene mwalandira inu ndi la mwambo wakale.

Tiyiyo nayenso sanangomusankha. Amakonda kupereka zinthu zotha, monga tiyi, sopo, maswiti, kapena ndele zouma za m'nyanja zija amati nori, kuti chisoni chisatsalire m'nyumba mwanu. Mukamwa tiyiyo n'kutha, tsoka nalo latha.

Za theka zija munawerengera bwino, ndipo ali nalo dzina: hangaeshi, kubweza theka. Ena amabweza gawo limodzi mwa magawo atatu. Ine poyamba zinkandinyansa ngati mmene zakuchitirani inu. Nditabereka mwana woyamba, anthu anabweretsa mphatso, ndipo mwezi usanathe bwino apongozi anali atandikhazika pansi kuti tiwerenge mtengo wa chilichonse ndi kugula zobweza. Ndinalira, ndinati anthu awa sadziwa kulandira. Zinanditengera zaka kuti ndione chimene chili pansi pake. Munthu wa kuno akalandira chinthu amamva katundu pamutu. N'chifukwa chake ukamupatsa kanthu nthawi zambiri amati sumimasen, mawu omwewo amene amapepesera akakuponda phazi m'sitima. Akuthokoza, komanso akupepesa kuti wavutika chifukwa cha iye. Ali ndi mwambi wakuti tada yori takai mono wa nai, kutanthauza kuti palibe chinthu chodula kuposa chaulere. Ndiye amafulumira kutula katunduyo. Koma taganizani, n'chifukwa chiyani sabweza yonse? Kubweza yonse, kapena kupitirira, kuli ngati kunena kuti mphatso yako sindikuifuna. Theka limene latsala kwa iwo ndiye chingwe chimene chakumangani pamodzi. Mayeni 5,000 anu aja alandiridwa, achimwene, ndipo dzina lanu lalembedwa.

Tsono pa funso lanu la mwambi, mudabwa. Kuno ali ndi mwambi wofanana ndi wathuwu ngati mapasa: nasake wa hito no tame narazu. Tanthauzo lake lenileni ndi lakuti chifundo chimene ukuchitira munthu si cha iye yekha, chimazungulirazungulira n'kudzakupeza iwe mwini. Koma chifukwa mawu akumapetowo, narazu, ndi a chilankhulo chakale, anthu ambiri masiku ano amaumva mozondoka, kuti kuchitira munthu chifundo sikumuthandiza, kumangomulemaza. Nthambi ya boma yoona za chikhalidwe, Bunkacho, imachita kafukufuku wa chilankhulo chaka ndi chaka. Pa kafukufuku wa 2010, anthu 45.8 pa 100 alionse anasankha tanthauzo lakalelo, ndipo 45.7 anasankha lozondokalo. Dziko linagawanika pakati, ngati inu ndi msuweni wanu. Mwana wanga wamkulu anabwera nazo kuchokera kusukulu, ndipo nditamuuza kuti kwa amayi ake timati kupatsa n'kuika, anakalemba m'kope lake.

Bambo wa ku Kasungu

Ndawerenga zonse, ndipo ndikufuna nditsutseko pang'ono maganizo akuti ife sitiwerengera. Tisadzinamize abale. Ine ndakhala mlembi wa maliro m'mudzi mwathu zaka zambiri. Pamaliro aliwonse ndimakhala pansi pa mtengo ndi kope ndi cholembera. Wabwera ndi mbale ya ufa ndimalemba. Wabwera ndi nkhuku, nkhuni, K2,000, ndimalemba dzina, mudzi ndi chimene wapereka. Tisananyamuke kupita kumanda, zonsezo zimalengezedwa pamaso pa anthu, mudzi ndi mudzi, mpingo ndi mpingo. Kodi timalengezeranji ngati tinakwirira?

Kope limenelo anamfedwa amalisunga. Mawa kukagwa zovuta kwa uja anabwera ndi nkhuku, amatsegula n'kuona. Ndipo munthu amene sapita m'maliro a anzake timamudziwa tonse. Tsiku likadzamugwera, adzukulu amakhala pansi ndi makasu awo osakumba, mpaka apite kwa amfumu akapepese ndi kulipira. Ndinaziona zikuchitikira munthu wa ndalama zake amene ankangotumiza envulopu osaonekera. Anthu anati ndalamazo zikumbe manda.

Ndiye kusiyana kwathu ndi anthu a ku Japan ine ndikukuona pa nthawi basi. Iwo akubweza pakatha masiku 49. Ife timadikira mpaka tsoka lidzagwe kwa mnzathuyo, kaya papita zaka 20. Ndipo mwina njira yawoyo ili ndi chifundo china chimene ife tilibe, chifukwa kwathu kuno alipo anthu amene ngongole ya ubwino imawalemera moyo wonse. Wina anakulipirira fizi ya Fomu 2, ndiye mpaka imvi sungamutsutse pa bwalo ngakhale akulakwa.

Mayi wa ana awiri, Nagoya

Bambo a ku Kasungu, kope lanulo kunonso liliko, amalitcha kodencho. Pakhomo la nyumba ya maliro pamakhala tebulo, aliyense wobwera amalemba dzina lake ndi keyala, kenako banja limalemba ndalama imene aliyense anapereka. Kungoti salengeza. Kutchula ndalama ya munthu pagulu kuno kungakhale kumuvula. Ndipo musaganize kuti akabweza theka lija nkhani yatha. Apongozi anga ali ndi makope a maliro a makolo awo, ndipo uthenga wa imfa ukafika chinthu choyamba ndi kukatsegula kuti aone banja limenelo linapereka zingati. Ndiye amabweza kawiri: theka msangamsanga, kenako chipepeso chathunthu tsiku la tsoka la mnzawo.

Za adzukulu okana kukumba zandikumbutsa mawu ena akale a kuno, murahachibu. M'midzi ya nthawi ya Edo, pakati pa 1603 ndi 1868, banja lophwanya malamulo a mudzi ankalisala. Anthu amafotokoza kuti pa zinthu khumi zimene mudzi umathandizana, ankalimana zisanu ndi zitatu, n'kusiya ziwiri: nyumba ikapsa ndi munthu akamwalira. Moto ungafalikire kwa ena, ndipo mtembo sungasiyidwe. Mawuwa akadali amoyo, munthu amene anzake akumusala kuntchito kapena kumudzi amati wachitidwa murahachibu. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti iwo chilango chawo chinkalekezera pa maliro, pamene ife chilango chathu chachikulu chimadikira pa maliro pomwepo.

Koma pa mfundo yanu yomaliza sindikuvomerezani kwathunthu. Njira ya kuno nayo imalemetsa. Pali mphatso za pakati pa chaka, ochugen, cha mu Julayi, ndi za kumapeto kwa chaka, oseibo, mu Disembala, zopita kwa amene anakuthandiza. Ukapita ulendo ngakhale wa masiku awiri uyenera kubwera ndi omiyage, timakeke ta kuderalo togawira a kuntchito. Paukwati mnzako wamba amayembekezeka kuika mayeni 30,000, ndipo apa ziyenera kukhala ndalama zatsopano. Achinyamata ambiri atopa nazo, makampani ena analetsa mphatso za pakati pa antchito, ndipo mabanja ena amalemberatu pa uthenga wa maliro kuti chipepeso sitilandira, pothawa ntchito yobweza. Choipa kwambiri n'chakuti munthu wovutika amaopa kupempha thandizo poopa kuvutitsa ena, meiwaku, mawu amene mwana wa kuno amawamva kuyambira ali kumkaka. Ndinali ndi mnansi wokalamba amene ndinkamupatsa nsima ndi nkhuku ndikaphika. Ulendo uliwonse mbale inkabwera ndi zipatso zodula kuposa chakudyacho. Nditazindikira kuti akuwononga ndalama yake ya penshoni chifukwa cha ine, ndinayamba kumupempha kuti aziphunzitsa ana anga kulemba zilembo za Chijapani zija amati kanji, kuti aziona kuti wabweza kale. Atatero ndi pamene anayamba kulandira nsima yanga ndi mtendere.

Mlongo wa ku Chipata

Kuno ku Zambia timaunena chimodzimodzi, ndipo ambuya anga ankati kuikiza. Za mbalezo ndaseka ndi chimwemwe, chifukwa ambuyawo sankalola kuti mbale ya mnansi ibwerere yopanda kanthu. Ngakhale tinsawa towerengeka ankaikamo. Mwina anthu a ku Japan sali kutali nafe monga tikuganizira.

Mphunzitsi wopuma, Dedza

Mayi a ku Nagoya, mwandiphunzitsa zambiri lero. Ndifunseko chimodzi. Munthu wa kumeneko akamapereka mphatso amanena chiyani? Chifukwa ife timati "kangachepe", ngakhale tikupereka mbuzi yathunthu.

Mayi wa ana awiri, Nagoya

Bambo, amati tsumaranai mono desu ga, kutanthauza kuti "ndi kanthu kachabechabe, komabe". Amapereka ndi manja awiri ataweramitsa mutu. Tsiku loyamba kumva zimenezi ndinaona ngati ndili kwathu ku Zomba. Achinyamata ayamba kuwasiya mawuwa, amakonda kunena kuti "ndi kamtima chabe", koma achikulire akadawanenabe.

Mtsikana wa ku Ndirande

Ndagonja pa tanthauzo la mwambi, agogo. Komabe ine ndikuona kuti kumva kwa msuweni uja kuli ndi kukoma kwake. Mbewu nayonso timaikwirira.

Mphunzitsi wopuma, Dedza

Timaikwirira ndithu, mdzukulu wanga, ndipo wobzala sabwerera m'mawa mwake kukafukula kuti aone ngati yamera. Ukafuna kuumva choncho sindikuletsa. Kungoti ukadzafunsidwa pa mayeso, udzayankhe kuti kusunga.

Wa ku Ntcheu, ali ku Tsukuba

Zikomo nonse, makamaka bambo a ku Dedza ndi achemwali a ku Nagoya. Ndinatsala pang'ono kulakwitsa kwambiri, chifukwa ndinkaganiza zokagula mphatso ina yoti ndibwezere bokosilo. Nditafunsa mayi wina wachikulire wa ku ofesi kwathu anandigwira mkono n'kunena kuti ayi, kodengaeshi sabwezera, chifukwa kumakhala ngati ukuitana kuti tsoka libwerezenso. Anati ngakhale mawu akuti zikomo sayenera kuchuluka, ungodziwitsa kuti katundu wafika ndi kufunsa mmene anamfedwa akukhalira. Ndinachita zomwezo.

Dzulo pa nkhomaliro ndinamuuza mnzangayo zoona zake, kuti bokosi lija linandipweteka poyamba, ndipo ndinamufotokozera chifukwa chake. Anadabwa kwambiri, anapepesa kangapo ngakhale sanalakwe. Kenako anandiuza kuti amayi ake atafika pa dzina langa m'kope lija anaima, anamufunsa kuti Malawi ili kuti, ndipo anakatenga mapu. Anati munthu wochokera kutali chonchi wabwera kudzalira mwamuna wanga amene sanamuonepo. Apempha kuti mu Ogasiti, pa nthawi ya Obon imene amakumbukira mizimu ya makolo, ndidzapite nawo kumudzi kwawo ndikaone manda. Ndavomera. Ndauza mng'ono wanga kuti anditumizire tiyi wa ku Thyolo woti ndidzanyamule.

Usiku ndinaimbira amayi ku Ntcheu kuwafunsa ngati kope la maliro a bambo, amene anatisiya mu 2011, likadalipo. Anati lili m'sutikesi pansi pa bedi, alikulunga m'chitenje pamodzi ndi makadi a kusikelo a ife ana. Anati mwezi wathawu analitsegula, kutamveka zovuta kumudzi wa kutsidya kwa mtsinje, ndipo anapeza kuti banja limenelo linabwera ndi thumba la ufa ndi nkhuni ngolo imodzi. Ufa anapeza. Ngolo ya nkhuni ndi imene ikuwasowetsa tulo, ndipo andiuza kuti nditumize ya ngoloyo mwezi uno usanathe.